Khadi likasintha mtundu tisathamangire kuchula ufiti

Pa Sondo lina m'mwezi wa June, Misa itatha, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi kuyembekeza msonkhano wa zopereka za masika. Capafupi panali anyamata atazungulira mnzao wa zaka 15, mwana wa mai wamasiye wa m'mphakati wathu. Mnyamatayo anagwira makhadi m'dzanja lamanzere, ndipo pamwamba panali khadi lofiira la mitima 7. Anapititsa dzanja lamanja pamwamba pake monga munthu wopukuta fumbi, ndipo atacotsa dzanjalo khadi lija linali lakuda. Anzake anakuwa ndi kuomba m'manja. Amai ena acikulire amene anali kudutsa anaima, nayang'ana, nacita cizindikiro ca mtanda, n'kupita osanena kanthu.

Pofika pa Citatu, tsiku lokumana mphakati, nkhani inali itamera nthambi. Ena anati mwanayo analowa za Satana kudzera pa foni. Ena anati ai, foni ilibe mlandu, amene amuphunzitsa ndi ambuya ake, popeza mwanayo agona kunyumba kwao. Panapezeka ndi wina wokumbutsa kuti mbuzi zake ziwiri zinafa mwezi womwewo. Amai ake a mnyamatayo anabwera kwa ife akulira, nati makolo ena aletsa ana ao kuyenda ndi mwana wao. Tonse tidziwa kumene nkhani zotere zithera m'midzi yathu. Ziyamba ndi manong'onong'o pacitsime, ndipo zitha nkhalamba itathamangitsidwa pamudzi kapena nyumba yake itatenthedwa.

N'cifukwa cake talemba nkhani ino, abale. Mafoni afika m'midzi, ndipo ana athu aona pa YouTube, Facebook ndi TikTok anthu ophunzitsa masewera a makhadi osintha mtundu. Zimene zinacitika kwathu zidzacitikanso kwina. Ganizo lathu ndi lakuti masewera amenewa ndi luso la manja, ndipo ana aloledwe kuwaphunzira poyera, pamaso pa makolo ndi pa parishi. Coipa cilowa pamene munthu aikapo ndalama kapena ayamba kunama kuti ali ndi mphamvu zacilendo. Sitinalembe kuti tikangane ngati ufiti uliko kapena kulibe. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Lero tikamba za khadi.

Cimene mwanayo anationetsa

Tinamuitana mnyamatayo pamaso pa akatekisti ndi akulu anai a mphakati. Tinati, "Mwanawe, usaope. Tionetse pang'ono-pang'ono cimene unacita pa Sondo." Iye anagwada nati, "Atate, n'zosavuta, koma muime kuno kumbuyo kwanga, cifukwa mukaima kutsogolo simudzaona kanthu." Titaima pamene anatiuza, cinsinsi conse cinaonekera.

M'paketi mukhala makhadi 52, ofiira 26 ndi akuda 26. Asanayambe, mnyamatayo anali ataika kale khadi lakuda pansi pa lofiira, kukhala laciwiri kucokera pamwamba. Dzanja lamanja likaphimba paketi, zala zikankhira khadi lofiira kutsogolo pang'ono, ndipo mbali ya kumbuyo ya khadi lakuda itsala poyera pansi pa cikhatho. Cikhathoco cikoka khadi lakuda cam'mbuyo kufikira litatuluka, kenaka dzanja libwerera kutsogolo n'kuliyala pamwamba pa lofiira. Zonsezi zicitika m'kanthawi kophethira diso. Khadi lofiira silipita kulikonse. Tinalipeza pomwepo, pansi pa lakuda, ndipo akatekisti analitenga ndi dzanja lao.

Kenaka anatulutsa foni n'kutionetsa mphunzitsi wake. Inali vidiyo ya mphindi zocepa, yoonetsa manja a munthu pa tebulo. Munthuyo anayamba ndi kucita masewerawo monga aonekera kwa openyerera, kenaka anatembenuza kamera kuti ione kumbuyo kwa manja, nafotokoza cala ciliconse pamene ciyenera kukhala. Mnyamatayo anatiuza kuti anali kucepetsa liwiro la vidiyo kuti manja aziyenda pang'ono-pang'ono, kuimitsa, kubwereza, ndi kuyesa pa galasi la amai ake kwa milungu isanu ndi umodzi. Makhadi ake oyamba anatha, anafewa ngati masamba a fodya. Titafunsa ngati panali mau onena kapena mankhwala opaka, anaseka nati cimene cifunika ndi manja ouma, cifukwa thukuta limamatitsa makhadi.

Ife amene tinaphunzira kuluka nkhokwe kapena kugwira khasu la ng'ombe kuti mzere uwongoke tidziwa kuphunzira kotere. Uyang'ana wodziwa, uyesa, ulakwa, uyesanso, kufikira dzanja licita lokha. Kusiyana kwake n'kwakuti mphunzitsi wa mwanayu akhala kutsidya kwa nyanja ndipo sadziwa n'komwe kuti ali ndi wophunzira kwathu kuno.

Luso lakale kuposa foni

Njira imene mnyamatayo anaphunzira ndi yakale. Inalembedwa m'buku lochedwa The Expert at the Card Table, limene linatuluka ku Chicago m'dziko la America mu 1902. Wolemba wake anadzicha S. W. Erdnase, dzina limene ambiri akhulupirira kuti silinali lake leni-leni, ndipo ocita masewera a makhadi mpaka lero aicha njirayi ndi dzina lake. Cocititsa cidwi n'cakuti bukulo lili ndi zigawo ziwiri. Cina cifotokoza mmene ochova njuga abera anzao pa tebulo, cina cifotokoza masewera osangalatsa anthu. Manja ndi amodzi-modzi, koma wina awagwiritsa nchito kuseketsa anthu, wina kuwalanda ndalama. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzabwererako.

Njira zosinthira mtundu wa khadi ndi zambiri, ndipo mavidiyo aziphunzitsa zonse. Pali yobisa khadi m'cikhatho, dzanja n'kuoneka lopanda kanthu, kenaka kulisiya pamwamba pa paketi. Pali yonyamula makhadi awiri pamodzi ngati limodzi, kotero kuti woonerera aganiza kuti waona khadi lapamwamba pomwe waona laciwiri. Pali yogwira makhadi awiri kunsonga za zala n'kukokera limodzi kumbuyo mofulumira. Palinso makhadi opangidwa dala kufakitale, ena a nkhope mbali zonse ziwiri, ena a msana mbali zonse ziwiri, ndipo agulitsidwa poyera m'masitolo a zoseweretsa m'maiko ambiri. Pomaliza pali zimene kamera yokha ingacite: munthu aimitsa kujambula, asintha khadi, ayambanso, kenaka alumikiza zidutswa. Zimenezo ngakhale mwana atayesa zaka khumi sangazicite pamaso pa anthu, ndipo ndi bwino ana adziwe kuti si zonse za pa foni zimene zinacitikadi monga zionekera.

Nanga n'cifukwa ciani maso athu anamizika cotere? Mu 2007 mphunzitsi wa za maganizo a anthu pa yunivesite ya Hertfordshire ku England, Richard Wiseman, anaika pa YouTube vidiyo yaifupi ya makhadi osintha mtundu. Iye ndi mnzake aonetsa makhadi a msana wobiriwira ngati thambo, ndipo pomaliza misana isanduka yofiira. Kenaka aulula kuti pamene woonerera anali kuyang'anitsitsa makhadi, zinthu zina zinai zinasintha mtundu: malaya ake, malaya a mnzake, nsalu ya pa tebulo ndi nsalu ya kumbuyo. Anthu oculuka oonera koyamba saona ngakhale cimodzi ca zimenezi. Phunziro lake n'lakuti maso aona cimene mtima waikapo cidwi, zina zonse zidutsa. Mlimi amene anaberedwapo cikwama pa msika pamene anali kuyang'anitsitsa sikelo adziwa kale zimenezi. Tikanena kuti "ndinaona ndi maso anga", tizikumbukira kuti maso omwewo analephera kuona khadi lakuda likutuluka pansi pa cikhatho ca mwana wa sukulu.

Kodi Mkhristu angacite zimenezi?

Funso limene linavuta akulu a mphakati ndi ili, ndipo ndi funso loyenera. Buku la Deuteronomo mutu 18 liletsa kuombeza, kupenduza ndi kufunsira kwa akufa. M'buku la Macitidwe a Atumwi mutu 8 timva za Simoni wa ku Samariya, amene anadabwitsa anthu ndi matsenga nadziyesa munthu wamkulu, kufikira anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2117, utsutsa mcitidwe uliwonse wofuna kugwira mphamvu zobisika kuti zitumikire munthu ndi kumupatsa ulamuliro pa anzake. Zonsezi tizivomereza.

Koma tiyang'ane bwino cimene ciletsedwa. Ciletsedwa ndi kufunafuna mphamvu za mizimu, ndi kudzikweza pamaso pa anthu monga mwini mphamvu zimenezo. Mwana amene abwereza kayendedwe ka zala pa galasi safunsira kwa mzimu uliwonse, ndipo akafunsidwa aonetsa mmene acitira. Vuto lathu lina ndi la mau. M'cinenero cathu liu lakuti matsenga ligwira zonse ziwiri, za sing'anga wa usiku ndi za mnyamata wa makhadi, ndipo liu likakhala limodzi mitima iganiza kuti cinthu ndi cimodzi. Ife tipempha kuti za makhadizi tizizicha luso la manja kapena masewera a manja, kuti mwana asasenze dzina limene si lake.

Mpingo uli ndi woyera amene anapyola m'njira yomweyi. Yohane Bosco, amene ambiri timudziwa ndi dzina lakuti Don Bosco, anabadwa mu 1815 m'banja la alimi osauka pafupi ndi mzinda wa Turin ku Italy, ndipo atate ake anamwalira iye asanakwanitse zaka ziwiri. Ali mwana anali kupita ku misika kukayang'anitsitsa anthu ocita masewera a manja ndi oyenda pa cingwe, n'kubwerera kwao kukayesa kufikira atadziwa. Pa Sondo anali kusonkhanitsa ana ndi akulu omwe, kuwaonetsa masewerawo, ndipo malipiro ake anali akuti onse apemphere pamodzi ndi kumvetsera ulaliki wa tsikulo umene iye anali kubwereza.

Pamene anali pa sukulu m'tauni ya Chieri, mwini nyumba imene anali kugonamo anacita mantha ndi masewera ake nakamuneneza kwa ansembe kuti mwina agwira nchito ndi mdyerekezi. Wansembe wamkulu, Canon Burzio, anamuitana kuti amufunse. Ali mkati mofunsa, wansembeyo anapeza kuti kacikwama kake ka ndalama ndi koloko yake zasowa, ndipo anakwiya. Mnyamatayo anafotokoza kuti wansembeyo anazisiya yekha poyera pamene anali kuthandiza wopemphapempha, ndipo iye anangozitenga n'kuzibisa m'cipinda momwemo. Wansembeyo anaseka namumasula. Don Bosco anamwalira pa 31 January 1888, analengezedwa woyera mu 1934, ndipo ocita masewera a manja amutenga ngati nkhoswe yao. Ansembe a cipani cake, a Salesian, agwira nchito pakati pa acinyamata m'dziko lathu lino, monga ku Chingola ndi ku Bauleni mu Lusaka. Wansembe wa ku Chieri uja akanamvera mphekesera osamuitana mwanayo, kaya Mpingo ukanataya ciani.

Kudziwa kuteteza nkhalamba

Limodzi mwa mabuku oyamba a Cingerezi ofotokoza zinsinsi za masewera a manja linalembedwa pofuna kupulumutsa anthu onamiziridwa ufiti. Wolemba wake, Reginald Scot wa ku Kent ku England, anali munthu wodziwa za munda, ndipo mu 1574 analemba buku la kalimidwe ka hops, mbewu imene Azungu afululira mowa. Masiku amenewo ku Ulaya anthu, maka-maka amai okalamba ndi osauka, anali kuzengedwa milandu ndi kuphedwa powaganizira ufiti. Scot zinamuwawa, ndipo mu 1584 anatulutsa buku lochedwa The Discoverie of Witchcraft. M'cigawo cina ca bukulo anafotokoza mmene ocita masewera asowetsera ndalama, tumipira ndi makhadi, kuti owerenga aone kuti zambiri zodabwitsa zicokera m'manja a munthu. Zaka zoposa 400 zapita, ndipo mankhwala amene iye anapereka akali kugwira nchito.

Kwathu kuno nkhaniyi tiidziwa. M'zaka za m'ma 1930 a Mcape anacokera ku Nyasaland nayenda m'midzi ya Northern Rhodesia ndi tumagalasi, akuti tounikira mfiti, ndi mankhwala omwetsa anthu. Kufikira lero dzina lao likali pakamwa pathu, ndipo midzi ina ikali kusonkha ndalama, mbuzi ndi nkhuku kuitana munthu kuti adzafukule nyanga. Tifunse mofatsa: ngati mwana wa zaka 15 atha kubisa khadi lonse m'cikhatho akulu asanu ali ciyang'anire, kodi munthu wamkulu amene adyera nchito imeneyo angalephere kubisa kanyanga m'dzanja n'kukaturutsa pa denga la nkhalamba? Mudzi umene uli ndi acinyamata odziwa luso la manja udziwa kupempha mlendoyo kuti apinde malaya, atambasule zala, ndi kuti wina aime kumbuyo kwake.

Tikumbutsenso kuti lamulo la dziko, Witchcraft Act, Chapter 90 ya malamulo a Zambia, limene linayamba mu 1914, lilanga munthu wochula mnzake kuti ndi mfiti. Lilanganso munthu wodzionetsa kuti ali ndi mphamvu za ufiti pofuna kuopseza ena. Cotero amene ananong'ona za ambuya aja anali kusewera ndi mlandu, ndipo mwana amene angayambe kuopseza anzake kuti makhadi ake ali ndi mphamvu nayenso adziika pa mlandu. Lamulo likhudza mbali zonse ziwiri.

Kudziwa kuteteza thumba la mlimi

Tsopano tibwerere ku buku lija la zigawo ziwiri. Nyengo yogulitsa cimanga, soya, nshawa ndi thonje ndiyo nyengo imene akathyali ayendera m'misika ndi pa masiteshoni a basi. Mu 2025 a Food Reserve Agency anali kugula thumba la cimanga la makilo 50 pa K340. Mlimi aliyense adziwa mvula, feteleza ndi thukuta zimene zilowa m'thumba limodzi limenelo. Koma ndalama ya matumba asanu itha kutha m'mphindi khumi pa katoni yoikidwa pansi ndi makhadi atatu.

Masewera ake aoneka osavuta. Makhadi awiri ndi akuda, limodzi ndi lofiira, ndipo ukaloza pamene pali lofiira uwina. Woponya agwira khadi limodzi m'dzanja lina ndi awiri m'dzanja linalo, limodzi pamwamba pa linzake, lofiira kukhala pansi. Maso ayembekeza kuti aponya lapansi poyamba, ndipo poyamba acitadi cotero kuti uzolowere. Ndalama zikaikidwa aponya lapamwamba, ndipo iwe utsatira khadi lolakwika kuyambira pomwepo. Aja uwaona akuwina ndi kusangalala ndi anzake a woponya. Nthawi zina mmodzi wa iwo apinda kangodya ka khadi lofiira ngati akuthandiza iwe, pomwe woponya adziwa kuwongola ngodyayo ndi kupinda ya khadi lina. Ukalozadi pa mwayi khadi loyenera, wina aikapo ndalama yoposa yako kapena akuwa kuti apolisi abwera, katoni n'kupasuka. Pamenepo palibe kuwina, abale. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso aja obwera ndi cikwama ca mapepala akuda odulidwa ngati ndalama, amene akuti ndi madola opakidwa utoto kuti adutse pa malire. Atsuka limodzi kapena awiri pamaso pako, ndipo asandukadi ndalama. Amene atsukawo ndi ndalama zeni-zeni zimene anazidetsa okha, kapena azisinthira m'manja monga mwana uja asinthira khadi. Zotsala m'cikwama ndi mapepala wamba, ndipo cimene afuna ndi ndalama yako yogulira mankhwala otsukira. Amenewanso ndi masewera osintha mtundu, koma malipiro ake ndi ng'ombe yako. Munthu amene anaonapo mmene cinthu cakuda cisandukira cofiira m'manja a mwana wake savuta kukana. Safunsa anadya phula.

Zodandaula za makolo

Sitinena kuti makolo amene acita mantha alibe mfundo. Kwa ambiri a ife makhadi tinawadziwira pa njuga, kuseri kwa malo omwera mowa, ndipo tinaona mabanja akugona ndi njala cifukwa ca iwo. Kholo likaona makhadi m'thumba la mwana likumbuka zimenezo. Ndiponso foni yomwe ionetsa mphunzitsi wa makhadi ndi yomwenso ionetsa zoitanira anthu ku kubecha pa mpira ndi pa masewera ena, ndipo mwana wozolowera makhadi angakopeke msanga. Katekisimu pa nambala 2413 unena kuti masewera a mwayi asanduka oipa pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa banja lake, ndiponso kuti cilakolako ca njuga citha kumanga munthu ukapolo. Ngozi imeneyi ndi yoona.

Cina ndi nthawi ndi ndalama. Mavidiyo adya mabando a intaneti, ndipo mwana atha kuononga ndalama ya sopo kapena kusiya ng'ombe zikulowa m'dimba la eni ake iye ali ndi makhadi m'manja. Enanso ayamba kulota kuti adzalemera nazo. Ndi zoona kuti alipo amene anafika patali. Shin Lim, amene anabadwira ku Canada mu 1991, anaphunzira zambiri za makhadi pa YouTube, napambana mpikisano wa dziko lonse wa ocita masewera a manja mu 2015, ndi mpikisano wa pa wailesi ya kanema wa America's Got Talent mu 2018. Ku Cape Town ku South Africa kuli sukulu yochedwa College of Magic, imene inayamba mu 1980 ndipo iphunzitsa ana luso limeneli. Koma otere ndi owerengeka pakati pa anthu miyanda-miyanda amene ayesa. Mwana wathu adziwe kuti mayeso a kusukulu ndi munda ndizo zidzamudyetsa.

Yankho la zodandaula zonsezi ena akuti ndi kulanda makhadi ndi kuwatentha. Ife tiona kuti zimenezo zithamangitsira mwana kuchire. Paketi ina adzagula, vidiyo adzaonera pa foni ya mnzake, ndipo amene adzamulandira kumeneko ndi anyamata a njuga. Kuonjezera apo, kutentha makhadi kutsimikizira mudzi wonse kuti munalidi kanthu m'makhadimo, ndipo dzina la ambuya aja lidetsedwa kosatha. Kuwongola mtengo ndi poyamba, ndipo suwongoleka uli kumene sitiuona.

Zimene tipempha

Kwa makolo: mukaona mwana asintha mtundu wa khadi, musathamangire kwa aneba. Muuzeni kuti, "Ndionetse pang'ono-pang'ono, ndipo ndionetse vidiyo imene unaphunzirako." Khalani naye muonere pamodzi. Mwana amene acita luso la manja adzakuonetsani mokondwa, ndipo mudzadziwanso zina zimene aona pa foniyo. Mumuikire nthawi, nchito za kumunda ndi za kusukulu zikatha.

Kwa acinyamata: malamulo anu ndi atatu. Coyamba, pa makhadi anu pasaikidwe ndalama ngakhale ngwee imodzi, kaya mbatata kaya cingwe ca foni. Caciwiri, musanayambe nenani momveka kuti zimene muonetsa ndi luso la manja limene munaphunzira, ndipo musachule mizimu, manda kapena mankhwala ngakhale mwa nthabwala. Cacitatu, tidziwa kuti ocita masewera a manja sakonda kuulula zinsinsi zao, ndipo pa cisangalalo palibe wokukakamizani. Koma mukaona kuti munthu wacita mantha, maka-maka wacikulire, mutengereni pambali mwaulemu ndi kumuonetsa. Cinsinsi ca khadi n'cocepa poyerekeza ndi mtendere wa mudzi.

Kwa abambo mfumu, akatekisti, abusa a mipingo ina ndi atsogoleri a miphakati: nkhani yotere ikafika kwa inu, citani monga anacitira wansembe wa ku Chieri. Itanani mwanayo msanga, mphekesera isanagone masiku. Ndipo tipempha kuti pa tsiku la acinyamata, kapena pa 31 January pokumbukira Don Bosco, apatsidwe mpata woonetsa luso lao m'holo ya parishi, kenaka aonetse alimi mmene makhadi atatu aponyedwera ndi mmene pepala lakuda lisandukira ndalama. Ma kopaletivu nawonso angaitane acinyamata otere pa msonkhano wa nyengo yogulitsa mbewu isanayambe. Phunziro la theka la ola lingapulumutse ndalama ya feteleza ya mabanja angapo.

Kwathu tinacita zimenezi pa Sondo lotsatira. Mnyamata uja anaima kutsogolo, nanena kuti aonetsa luso la manja, nasintha khadi lofiira kukhala lakuda katatu. Kenaka anatembenuka kuti onse aone kumbuyo kwa manja ake. Amai aja amene anacita cizindikiro ca mtanda anapempha kuti ayese okha, makhadi n'kumwazikira pansi, ndipo anaseka kufikira misozi. Sitinganame kuti onse anakhutira. Mwini mbuzi zija akali kung'ung'udza, ngakhale alangizi a ziweto anamuuza kale za nkhupakupa ndi dibi. Koma ana abwerera kuyenda ndi mnzao, ndipo ambuya ake akali m'nyumba yao, kusenda nshawa pakhonde monga kale.